Ulendo wa Mankhwala M'thupi la Munthu

Mayi wa ku Chia kapena msodzi wa ku Sani akalandira mibulu yachikasu ya LA pa chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, nauzidwa kuti azimwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndiponso kuti ayambe wadya, kawirikawiri amayesa kuti mawuwo ndi mwambo chabe wa achipatala. Koma tsono m'mawu ochepawo mwagona nzeru ya akatswiri amene amasanthula chimene mankhwala achita m'thupi ndi chimene thupi lichita nawo.

Pakuti m'bulu ukamezedwa suyamba ntchito pomwepo ayi. Uyenera kusungunuka, kupyola khungu la matumbo ndi kulowa m'magazi, m'mene tizilombo ta malungo tabisala. Mu LA muli mankhwala awiri, artemether ndi lumefantrine, ndipo wachiwiriyu salowa bwino popanda mafuta, kotero kuti wodwala amene wamwera madzi okha m'mimba muli pululu amataya gawo lalikulu la mphamvu yake, pamene mnzake amene wadyako phala la nsinjiro, mkaka kapena nsomba ya mafuta walandira mankhwala okwanira. Mlingo nawonso sauyeza ndi maso koma ndi sikelo: kamwana ka makilogalamu 5 mpaka 14 kamamwa m'bulu umodzi pa nthawi, wamkulu wa makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa inayi. Wogawira mwana mankhwala otsala a bambo wake, ngakhale achite mwa chikondi, akumbuke kuti safunsa adadya phula.

Kulowa m'magazi sikufika konsekonse, ndipo izi anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, kumene kashembe amaluma alimi ndi otola nkhuni nkuwapatsa nthenda ya kaodzera, adaziphunzira ndi misozi. Mlengi adatchinga ubongo ndi mpanda umene mankhwala ambiri sangaulumphe. Chifukwa chake suramin, amene amachiza kaodzera akadali m'magazi, amalephera tizilombo tikaloweratu m'ubongo, ndipo kwa zaka zambiri madokotala adalibe pothawira koma jakisoni wa melarsoprol, wopangidwa ndi poizoni wa arsenic, amene ankapulumutsa ambiri koma nkupha pafupifupi m'modzi mwa odwala 20 alionse. Walira mvula walira matope, adatero akale, ndipo palibe mankhwala amphamvu amene alibe zovuta zake. Luso la sing'anga ndilo kupeza mlingo wokwanira kugonjetsa nthenda, wosafika powononga mwini thupi. Tithokoze kuti mibulu ya fexinidazole, imene idayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda, ndipo akatswiri a ku Ulaya adaivomereza m'chaka cha 2023, imafika ku ubongo mwa kumwa chabe kwa masiku khumi.

Mankhwala akagwira ntchito sakhala m'thupi mpaka muyaya, pakuti chiwindi chimawaphwanya, ndipo zotsala zimatuluka ndi mkodzo kudzera mu impso kapena ndi ndulu kudzera m'matumbo. N'chifukwa chake nkhalamba, chidakwa, ndi munthu wodwala impso ayenera kupatsidwa mankhwala mosamala koposa. Liwiro la kutulukaku limasiyana: artemether amakantha msanga, natha m'maola ochepa, pamene lumefantrine amatsalira masiku angapo akusesa tizilombo topulumuka, ndipo ndicho chifukwa adawamanga pamodzi awiriwa.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, poona munthu amene thupi lazizira pa tsiku lachiwiri akusunga mibulu yotsala kuti idzathandize tsiku lina, iye nabwerera ku bwato lake. Pakuti tizilombo timene tapulumuka ndi tija tolimba, ndipo udzudzu udzatitenga nkukapatsira mnansi wake. Akuluakulu akukumbuka chloroquine, amene adali mankhwala odalirika m'nyumba iliyonse, kufikira tizilombo tidamuzolowera ndipo Malawi adamusiya m'chaka cha 1993, woyamba mu Africa kutero, natenga Fansidar. Nayenso Fansidar adafooka, LA nalowa m'malo mwake m'chaka cha 2007, ndipo lero ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizilombo timene tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemether.