Controller asamasenze katundu yense

Mukadina batani lolipira pa webusaiti, kuseriko kumachitika zambiri: kuchotsa katundu m'sitoko, kulemba risiti, kutumiza imelo. Ambiri mwa ife olemba mapulogalamu timaunjika zonsezi mu controller mmodzi, fayilo n'kutupa mpaka aliyense kumaopa kuikhudza.

N'chifukwa chake ine ndimakonda njira ya command bus. Nambala ya kasitomala, katundu amene wagula ndi ndalama zake mumazimanga pamodzi m'kanthu kotchedwa command, tinene kuti LipiraOda. Kanthuka sikagwira ntchito iliyonse. Kali ngati kapepala kamene woperekera zakudya amalembapo n'kupititsa kukhitchini: bus imakanyamula, handler wake ndiye amaphika.

Phindu lenileni lili panjira. Command iliyonse imadutsa mu middleware, ndipo apa ndi pomwe mumatsegula transaction ya database, kuti zinthu zikasokonekera pakati, zolembedwa za ndalama ndi katundu zibwerere mmene zinalili. Pomwepanso mumaika ntchito yolemera pa queue kuti kasitomala asamangoyang'ana sikirini. Mwalemba kamodzi, ma command onse apindula. LipiraOda yemweyo mutha kumutumiza kuchokera pa webusaiti, pa API, ngakhale pa cron pakati pa usiku.

Ma framework ena ali nayo kale njirayi: Laravel ya Taylor Otwell inayamba kukhala nayo mu 2015, ndipo Symfony ili ndi Messenger kuyambira 2018.

Komabe kawebusaiti ka masamba asanu sikafunikira zonsezi, mafayilo amangochuluka pachabe. Yambirani pamene pakudutsa ndalama za anthu.