Malamulo a pa doko la Beira ateteza ndi mabanja a ku Katete omwe

Ku Katete kulibe nyanja, ndipo ana ambiri a m'makomboni sanaonepo combo. Koma pa mseu wocokera ku Chanida pamapita malole usana ndi usiku. Ambiri a iwo amacokera ku doko la Beira ku Mozambique, kudzera ku Tete, atasenza feteleza, mafuta ndi katundu wina. Katundu ameneyu anayamba wakwera combo asanakwere lole. Cifukwa cace malamulo amene asungidwa kapena kuphwanyidwa pa doko amafika mpaka pa khomo la munthu wa ku Katete, Sinda ndi Vubwi.

Malamulowo anena ciani?

Zigawenga zitaukira dziko la America pa 11 Sepitembala 2001, maiko anaona kuti zombo nazonso zingathe kubisa anthu oipa ndi zida. Bungwe la IMO, limene liyang'anira za maulendo a pamadzi ndipo likulu lace liri ku London, linakonza malamulo ochedwa ISPS mu Disembala 2002. Anayamba kugwira nchito pa 1 Julayi 2004.

Malamulowa afuna kuti combo ciri conse cacikulu copita maiko ena cikhale ndi mkulu woyang'anira citetezo, ndiponso buku lofotokoza zoyenera kucita pakagwa zoopsa. Doko nalonso liyenera kukhala ndi mkulu wace, mpanda, alonda ndi ziphaso za olowa ndi oturuka. Pali masitepe atatu a cenjezo. Loyamba ndi la masiku onse, laciwiri ndi pamene zamveka kuti coopsa cingacitike, lacitatu ndi pamene coopsaco cayandikira kapena cacitika kale.

Palinso malamulo ena a katundu woopsa, amene amugawa m'magulu 9, ndiponso malamulo a zaumoyo a bungwe la WHO. Onsewa afunsa mafunso atatu: Walowa ndani? Wanyamula ciani? Kodi pali wodwala?

Combo cimene sicinafike ku Beira

M'caka ca 2013 combo cochedwa Rhosus cinanyamuka ku Batumi m'dziko la Georgia kulinga ku Beira. Cinasenza matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala amene apangira feteleza wina ndiponso zophulitsira miyala ku migodi. Citaima ku Beirut m'dziko la Lebanon cinaletsedwa kupitiriza ulendo cifukwa cinali cakutha ndipo cinali ndi ngongole. M'caka ca 2014 katunduyo anatsitsidwa ndi kuikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu pa doko, pafupi ndi nyumba za anthu.

Anakhala m'menemo zaka zisanu ndi cimodzi. Makalata ocenjeza analembedwa, koma palibe anamucotsa. Pa 4 Ogasiti 2020 moto unabuka ndipo katunduyo anaphulika. Anthu oposa 200 anafa, oposa 6,000 anavulala, ndipo zipatala zina za mu mzindamo zinaonongeka pa nthawi imene zinafunika koposa. Lamulo linalipo, koma linangokhala pa pepala.

Lamulo likathera pa mseu

Katundu akaturuka pa cipata ca doko, alonda amatsala. Amene amakhala pafupi naye tsopano ndi dalaivala, ogulitsa m'mbali mwa mseu, ndi ana. Pa 17 Novembala 2016 thanki ya petulo imene inacokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika pa mudzi wa Caphiridzange m'cigawo ca Tete, pamene anthu anali kutunga mafuta ndi zigubu. Anthu oposa 70 anataya miyoyo yao, ena mwa iwo ana, ndipo ambiri anapsa koopsa. Cakudza siciyimba ng'oma, koma ici cinali ndi zizindikiro zace zolembedwa pa thanki pomwepo.

Zizindikiro zimene ziri pa katundu wa m'combo ndi zomwezo ziri pa malole opita pa Katete, ndipo banja liri lonse liyenera kuzidziwa. Cizindikiro cofiira cokhala ndi lawi la moto citanthauza zamadzimadzi zosacedwa kuyaka. Nambala 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo. Coyera cokhala ndi cigaza ndi mafupa citanthauza poizoni. Cacikasu cokhala ndi 5.1 citanthauza mankhwala okoleza moto, monga aja a ku Beirut. Coonetsa madzi akudonthera pa dzanja citanthauza asidi kapena mankhwala ena otentha khungu.

Makontena ena a cimanga, mpunga kapena fodya amathiridwa mpweya wopha anankafumbwe asanatsekedwe. Mpweya umenewu upha ndi munthu yemwe. Kontena yotere imakhala ndi cikwangwani cocenjeza pa citseko, ndipo wosaphunzira nchitoyo sayenera kuitsegula kapena kulowamo.

Matenda nawonso amakwera combo

Malamulo a zaumoyo a WHO anakonzedwanso m'caka ca 2005 ndipo anayamba kugwira nchito pa 15 Juni 2007. Woyendetsa combo ayenera kuuza a zaumoyo a pa doko ngati m'combo muli wodwala kapena wina anafera pa ulendo. Combo ciyeneranso kukhala ndi ciphaso coonetsa kuti madzi akumwa, khichini ndi zimbudzi ziri bwino, ndi kuti mulibe makoswe. Ciphasoci cimatha pakapita miyezi isanu ndi umodzi.

Malamulo omwewa akhudzanso mabwalo a ndeke ndi malire a pamtunda. Ndiye cifukwa cace pa malire monga Chanida ndi Mwami a zaumoyo ali ndi mphamvu yofunsa wapaulendo kumene wacokera ndi kumupima ngati kwabuka mliri. Ena amaona ngati ndi kutaya nthawi, nazemba kudzera m'tinjira ta m'thengo. Koma kolera siidziwa malire. Mphepo yamkuntho ya Idai itaomba Beira mu Marichi 2019, anthu oposa 6,000 anadwala kolera m'cigawo cimeneco. Mu Januwale 2023 kolera inabuka m'boma la Vubwi, limene licita malire ndi Malawi ndi Mozambique.

Munthu angatenge kolera lero nayamba kudwala patapita maola ocepa kapena masiku asanu. Motero wapaulendo angathe kudutsa malire ali bwino bwino, matenda nkudzayambira kunyumba. Apa wopima womaliza ndi mai kapena bambo wa pa nyumbapo.

Zimene banja lingacite

Thanki kapena lole ikagwa, anthu athawire kutali, mbali imene mphepo icokera, ndipo adziwitse apolisi. Makolo agwire ana. Pasakhale woyatsa fodya kapena wobwera ndi mbaula. Petulo ayaka ndi mpweya wace, ngakhale munthu asanakhudze madziwo.

Mafuta a m'zigubu ogulidwa kwa madalaivala asasungidwe m'nyumba yogona. Nyumba za m'komboni nzothithikana, ndipo moto wa nyumba imodzi ndi wa mzere wonse. Mwana akamwa petulo kapena parafini asamusanzitse, cifukwa mafutawo angalowe m'mapapo. Apite naye ku cipatala msanga.

Munthu akapsa, pa bala athirepo madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, avule mphete ndi lamba thupi lisanatupe, nafunditse ndi nsaru yoyera. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano asapakidwe pa bala. Wakupsa kumaso, m'manja kapena malo akulu, makamaka mwana, afunika kufika msanga ku kiliniki kapena ku cipatala ca St Francis.

Feteleza wa yuriya ndi D Compound saphulika ngati wa ku Beirut, komabe asungidwe pouma, kutali ndi moto, mafuta ndi cakudya. Matumba ace asaikemo ufa.

Mlendo kapena wa m'banja akabwera ku ulendo nayamba kutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, ayambe pomwepo kumwa ORS. Ngati palibe paketi, asungunule timasupuni tating'ono 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Amwe ali pa njira yopita ku cipatala, ndipo akafika anene kumene anayenda. Osamalira wodwala asambe m'manja ndi sopo, ndipo madzi akumwa athiridwe klorini.

Mutu umodzi susenza denga. Mlonda wa ku Beira, wa zaumoyo wa ku Chanida ndi kholo la ku Katete agwira nchito imodzi, ngakhale sadziwana. Mmodzi akagona, enawo ndiwo amanyamula maliro.