Dzina Lopatsidwa ndi Dzina Lodzipezera

Palibe munthu amene adadzitcha yekha dzina. Mwana akangotuluka m'chikuta, akuluakulu amamutcha dzina la agogo ake, kapena lokumbutsa zimene banja lidaona. Akatha msinkhu, anamkungwi amamulangiza makhalidwe oyenera mwamuna kapena mkazi. Akabereka, dzina lake limakwiririka, nayamba kuitanidwa kuti amake uje kapena atate ake a uje. Motero mudzi umauza munthu kuti iye ndani asanadzifunse yekha funsolo.

Zimenezi si zoipa ayi. Akale adati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Chilankhulo, ulemu ndi manyazi, zonsezi munthu amachita kulandira kwa anzake. Koma limafika tsiku pamene chimene anthu akuyembekeza chisiyana ndi chimene mtima ukuti ncholungama. Tsiku limenelo ndi pamene munthu amayamba kudzidziwa.

Moyo wa Mai Rose Chibambo ukuonetsa bwino zimenezi. Iwo adabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba m'chaka cha 1928, ndipo adakwatiwa ndi a Edwin Chibambo m'chaka cha 1947. Masiku amenewo mkazi wa pabanja ankayembekezeka kusamala nyumba ndi ana, nkhani za dziko nkusiyira amuna. Koma pamene atsamunda ankakonza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953, maiwa adaona kuti dziko likatengedwa, amai ndi ana ndiwo adzayambe kulira. Choncho adasonkhanitsa amai anzao ku Zomba ndi ku Blantyre, nakhala mtsogoleri wao m'chipani cha Nyasaland African Congress.

Mtengo wake udali wowawa. M'mwezi wa Malichi 1959 boma la atsamunda lidawamanga atangochira kumene, nakalowa m'ndende ya ku Zomba khanda lili m'manja.

Yeso lachiwiri lidachokera kwa anthu akwao. Ufulu utabwera mu 1964, amai ankayembekezeka kuimba ndi kuvina pa misonkhano ya chipani, osati kutsutsa mtsogoleri. Pamene nduna zina zidasemphana maganizo ndi Dr. Kamuzu Banda mu Seputembala chaka chomwecho, Mai Chibambo, amene adali phungu wa Nyumba ya Malamulo, sadabise maganizo ao. Adachotsedwa pa udindo, nathawira ku Zambia, ndipo adabwerera kwao mu 1994. Dziko lomwe lidawatcha woukira lidaika chithunzi chao pa ndalama ya K200 mu 2012, iwo asanamwalire mu 2016.

Chofunika kuona nchakuti maiwa sadataye maina amene adapatsidwa. Adakhalabe mwana wa ku Mzimba, mkazi wa pabanja ndiponso mai wa ana. Adangokana chinthu chimodzi, ndicho kukhala chete poona cholakwa. Ngakhale mtima woganizira anzao umene udawalimbitsawo adauphunzira kwa anthu omwewo amene ankafuna kuti iwo akhale chete.

Apa pali phunziro kwa makolo, aphunzitsi ndi anamkungwi. Mwana amene afunsa chifukwa cha mwambo si nthawi zonse pamene ali wamwano. Mwina akufufuza dzina limene palibe wina angamutche, limene adzalipeze yekha ndi ntchito zake.