Dazi, zipere ndi meshi yothina: kodi tsitsi likapita limabwerera?

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, tawuni ya Kasungu ndi midzi ya kwa Kaomba zimasintha nkhope. Ndalama zimayamba kuyenda, ometa satseka msanga, masaluni amadzaza, ndipo pa WhatsApp pamatuluka malonda a mtundu uliwonse. Pakati pa malondawo simungalephere kupeza kabotolo ka mafuta omeretsa tsitsi m'masabata awiri, kali ndi zithunzi ziwiri: kumanzere mutu wowala ngati chipanda, kumanja tsitsi la nkhalango.

Za masabata awirizo ziiwaleni. Tsitsi lathu anthu akuda limakula pang'onopang'ono, osafika ngakhale sentimita imodzi pamwezi, ndiye palibe mafuta amene angadzaze dazi mwezi usanathe. Koma sikuti nkhani yonse yomeretsa tsitsi ndi bodza ayi. Alipo azasayansi amene atha zaka zambiri pa nkhaniyi, ena ku America, ena konkuno ku Africa, ndipo mankhwala ogwiradi ntchito alipo. Funso limene iwo amayamba nalo, lomwe wogulitsa wa pa foni sangakufunseni, ndi ili: tsitsi lanu likuthothoka chifukwa chiyani, ndipo muzu wake ukadali moyo kapena unafa?

Tsitsi lililonse limamera m'kathumba kake kamene kali mkati mwa khungu, kamene madokotala amati follicle. Pamutu pali timatumba totere pafupifupi 100,000. Munthu amabadwa nato tonse, ndipo thupi silipanga tina. Kathumba kamameretsa tsitsi kwa zaka 2 mpaka 6, kenako n'kupuma miyezi ngati itatu, lakale n'kugwa, latsopano n'kuyamba. N'chifukwa chake kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda.

Mayi akabereka, kapena munthu akadwala malungo aakulu kapena typhoid, timatumba tambiri timapuma nthawi imodzi, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu tsitsi limadzaza chipeso. Zimaopsa ndithu, koma kawirikawiri limabwerera lokha. Apa ndi pamene mafuta ambiri amapezera mbiri: munthu wapaka, tsitsi lamera, pomwe likanamerabe ngakhale akanapaka madzi a pamjigo.

Dazi la abambo

Dazi silibwera chifukwa chovala chipewa kapena kuganiza kwambiri. Komanso si chizindikiro cha chuma. Mawu akuti wadazi ndi wandalama kuno timangoseka nawo, koma mu 2017 apolisi a ku Mozambique anachenjeza amuna adazi, ena ataphedwa m'maboma a Morrumbala ndi Milange, pafupi ndi malire a Muloza, ndi anthu okhulupirira kuti m'mutu wadazi muli golide.

Dazi limachokera ku zinthu ziwiri: mtundu, wa kuchimuna kapena kuchikazi komwe, ndi mahomoni. Mu 1942 James Hamilton wa ku America anaona kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sankachita dazi, koma akapatsidwa testosterone, amene kwawo kuli dazi ankayamba kuthothoka. Chinsinsi chenicheni chinadziwika mu 1974, pamene dokotala Julianne Imperato-McGinley anafalitsa zimene anapeza m'mudzi wina ku Dominican Republic. Kumeneko kunali ana obadwa akuoneka ngati atsikana, koma akatha msinkhu n'kukhala anyamata. Matupi awo sankatha kusandutsa testosterone kukhala homoni ina yamphamvu yotchedwa DHT. Akakula, prostate yawo inkakhala yaing'ono, ndipo dazi kunalibe.

Ndiye DHT ndi amene amafinya timatumba ta pachipumi ndi paliwombo. Chaka ndi chaka kathumba kamachepa, tsitsi n'kumatuluka lopyapyala ndi lalifupi, mpaka kutsala ngati cheya chosaoneka n'komwe. Kampani ya Merck inatenga nzeru imeneyi n'kupanga finasteride, piritsi lochepetsa DHT. Linavomerezedwa ku America mu 1992 ngati mankhwala a prostate, kenako mu 1997 ngati a dazi.

Mankhwala enawo, minoxidil, anapezeka mwangozi. Anali mapiritsi a BP, koma odwala anayamba kumera tsitsi m'malo osayembekezeka. Kampani ya Upjohn inawasandutsa opaka, ndipo anavomerezedwa mu 1988 m'dzina la Rogaine.

Awiriwa ndi amene ali ndi umboni wolimba pa dazi, koma musayembekezere zozizwitsa. Amatenga miyezi 4 mpaka 6 kuti muone kusintha, amagwira bwino dazi likangoyamba kumene, ndipo mukasiya, zonse zimene munapindula zimapita m'miyezi yochepa. Ndi ngongole ya mwezi ndi mwezi ngati bandulo ya intaneti. Finasteride kwa amuna ena amachepetsa chilakolako cha m'banja, ndipo mu 2025 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA linatsimikiza kuti ena mwa omwa amakhala ndi maganizo ofuna kudzipha. Mayi woyembekezera sayenera kumwa kapena kugwira piritsi lophwanyika, chifukwa lingavulaze mwana wamwamuna m'mimba. Awa si mankhwala oitanitsa kwa mnzanu wa ku Joni popanda kuonana ndi dokotala.

Mbewu ili m'nthaka, koma sikumera

Nkhani yopatsa chiyembekezo inatuluka mu 2011. Gulu la George Cotsarelis pa University of Pennsylvania linayerekeza khungu la padazi ndi la pamene pali tsitsi, la anthu omwewo. Anapeza kuti ma stem cell, maselo amene amayambitsa tsitsi, analipo ochuluka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Kusiyana kunali kwakuti a padazi sankadzuka kukagwira ntchito. Kuyambira pamenepo ofufuza ambiri akusaka chowadzutsira. Chitsanzo ndi mankhwala opaka otchedwa PP405, amene anayambira pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles. Akuyesedwa pa anthu, koma pamene tikulemba nkhaniyi sanavomerezedwe kugulitsidwa, ndiye amene akukutsatsani botolo lolembedwa dzina limeneli akudziwa yekha zimene wathiramo.

Mwina munaonanso vidiyo ya shuga womeretsa tsitsi. Inachokera ku kafukufuku weniweni wa 2024, wa University of Sheffield ndi COMSATS University ya ku Pakistan, koma anayesa pa mbewa, ndipo shuga wake ndi 2-deoxy-D-ribose, osati wa Illovo wothira mu tiyi. Mbewa zimamera ubweya mosavuta kwambiri, moti mankhwala ambiri opambana pa mbewa amakalephera pa munthu. Mafuta a rosemary otchuka pa TikTok nawo amadalira kwambiri kafukufuku wa ku Iran wa 2015, wa anthu 100 okha, amene anawayerekeza ndi minoxidil wofooka wa 2%, popanda gulu losapaka mankhwala loyerekezera. Nanga mafuta a nsatsi? Amafewetsa tsitsi kuti lisamaduke, basi. Limenelo ndi phindu ndithu, koma si kumeretsa.

Za opaleshoni yoika tsitsi, imene anthu amathamangira ku Istanbul, mlimi aliyense wa fodya angaimvetse msanga: ndi kuwokera. Norman Orentreich wa ku New York anaonetsa mu 1959 kuti timatumba ta kunkhongo, timene DHT satifinya, timasunga khalidwe lake ngakhale titasamutsidwira padazi. Dokotala amazula mbande ku nazale ya kunkhongo n'kukawokera kutsogolo. Palibe mbande yatsopano imene yapangidwa, ndipo nazale ikatha yatha. Kwa ife pali zina ziwiri: muzu wa tsitsi lathu ndi wopindika, choncho umaduka mosavuta pozula, komanso khungu lakuda limachita msanga zipsera zotupa.

Chigamba chozungulira pamutu

Mwana akakhala ndi chigamba chotuwa, choyabwa, tsitsi lothyokathyoka, kawirikawiri ndi zipere. Zimafala kudzera m'makina ometera, zipeso ndi zipewa. Zipere za pamutu sizimva mafuta opaka okha, chifukwa tizilombo timabisala mkati mwa tsitsi. Zimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa masabata angapo. Zikasiyidwa n'kufika potupa ndi kutuluka mafinya, zimatha kusiya chipsera chimene sichidzameranso.

Koma chigamba chosalala ngati ndalama yachitsulo, chosayabwa, chongotulukira ngati munthu wametedwa usiku, n'china. Ena amathamangira za ufiti. Dzina lake ndi alopecia areata: chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi timatumba ta tsitsi. Apa ndi pamene sayansi yapita patsogolo kwambiri posachedwapa. Angela Christiano wa ku Columbia University, amene iye mwini anadwala matendawa, anathandiza kuonetsa kuti gulu la mankhwala otchedwa JAK inhibitors limatha kuletsa nkhondoyi. Mu 2022 America inavomereza baricitinib, mu 2023 ritlecitinib, ndipo anthu ena amene analibe ndi nsidze zomwe anameranso tsitsi. Ndi okwera mtengo kwambiri, amafooketsa chitetezo, chinthu chosasewera nacho m'dziko la TB ngati lathu, ndipo dazi wamba sathandiza. Mwayi wake ngwakuti zigamba zing'onozing'ono nthawi zambiri zimamera zokha chaka chisanathe.

Kafukufuku amene akutikhudza kwambiri

Kwa atsikana ndi amayi a kuno, kafukufuku wofunika kuposa onsewa sanachitikire ku America. Anachitikira ku South Africa, pa mitu yofanana ndi yathu.

Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa pa University of Cape Town ndi anzake anayeza mitu ya anthu akuluakulu ndi ya ana asukulu ku Cape Town, n'kufalitsa zotsatira mu 2007. Anapeza kuti amayi pafupifupi 32 mwa 100 alionse, ndi atsikana asukulu 17 mwa 100 alionse, anali ndi traction alopecia, kuthothoka kobwera chifukwa chokoka tsitsi. Ndi vuto lija timaliona tsiku ndi tsiku m'minibasi ndi kutchalitchi: chipumi chikunka chakumbuyo, m'mbali moyandikana ndi makutu mwayera. Chiopsezo chinali chachikulu kwambiri pamene meshi kapena wivi zalukidwa pa tsitsi loikidwa relaxer, komanso kwa amene ankamva ululu kapena kutuluka tiziphuphu akangolukidwa.

Pamenepa tinene chilungamo. Tinazolowera kuganiza kuti kuluka kothina ndiye kwaukhondo ndiponso kokhalitsa, moti ena amamwa Panado pochokera ku saluni, n'kugona chokhala masiku awiri. Wolukayo nayenso amathinitsa chifukwa kasitomala akufuna kuti ndalama yake ikhale miyezi iwiri. Koma ululu umenewo ndi kathumba kakukokedwa. Poyamba kamachira mukakapumitsa. Zikapitirira kwa zaka, kamafa n'kusanduka chipsera, ndipo pamenepo minoxidil, rosemary ndi nsatsi zonse zimangotha ndalama. Choipa china n'chakuti chipumi chikayamba kuyera, ambiri amabisa ndi wigi yomata ndi guluu kapena meshi ina yothina, n'kumalizitsa totsala tija.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kwambiri. Limayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira, nthawi zina ndi kuyabwa, kutentha kapena kupweteka ukagwira. Madokotala amalitcha CCCA, ndipo limagwira makamaka amayi akuda. Kwa zaka zambiri mlandu wonse unkaperekedwa kwa chipeso chamoto ndi relaxer. Koma Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban, pa University of KwaZulu-Natal, anaona kuti limayenda m'mabanja. Mu 2019 iye ndi anzake a ku Israel ndi America analemba mu New England Journal of Medicine kuti ena mwa odwalawo ali ndi kusintha mu jini yotchedwa PADI3, imene imathandiza kuumba tsitsi. Tanthauzo lake n'lakuti ngati amayi anu kapena azakhali anu ali ndi dazi la paliwombo, mutu wanu sungapirire zimene wa mnzanu ukupirira. CCCA imapha timatumba, choncho mankhwala ake, oziziritsa kutupa kwa khungu, ntchito yake ndi kupulumutsa timene tatsala. Mwezi uliwonse umene mukuyesa mafuta a pa WhatsApp, malo akufa akukula.

Ndiye koyambira si pa botolo. Pitani kuchipatala cha boma cha Kasungu mukafunse oona za khungu. Zikavuta amatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Akhoza kuyezanso magazi, chifukwa kuchepa kwa ayironi, vuto la chithokomiro, ngakhale chindoko, zonse zimathothola tsitsi ndipo zonse zimachizika. Mankhwala gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA, ndipo botolo losalembedwa zimene zili mkati lisiyeni. Mukayamba mankhwala, jambulani mutu ndi foni kamodzi pamwezi, pamalo omwewo ndi kuwala komweko, chifukwa galasi la tsiku ndi tsiku limanamiza.

Ku saluni, mawu akuti “Asisi, tamasulani pang'ono, zikuwawa” musachite nawo manyazi. Musalukitse meshi pa tsitsi longoikidwa kumene relaxer, siyani timatsitsi ta pachipumi kunja kwa luko, ndipo mukamasula, pumitsani mutu masabata angapo. Kwa ana zimafunika kusamala kwambiri, popeza iwo sangakane. Mwana akalephera kugona chifukwa cha luko, kapena mukaona tiziphuphu m'mphepete mwa chipumi, mumasuleni tsiku lomwelo, ngakhale munalipira kale.