Masamba 48 ndi usiku umodzi: mmene macro inandithandizira kuika zithunzi pa ma slide

Ndili mu Fomu 3, gulu lathu la sayansi linajambula masamba 48 a mitengo yozungulira sukulu yathu: mango, mkuyu, msangu, mlambe ndi ina. Tinkayenera kukaonetsa ntchitoyi m'mawa mwake, ndipo aphunzitsi anandibwereka laputopu usiku umodzi wokha. Anati chithunzi chilichonse chikhale pa slide yake mu PowerPoint, pakati penipeni, ndipo pamwamba pasiyidwe malo olemba dzina la mtengo.

Ndinayamba kukoka zithunzi ndi mausi chimodzichimodzi. Ola lathunthu linatha nditangomaliza 9, ndipo zonse zinali zokhotakhota. Magetsi anali atazima, batire nayo ikupita. Achimwene anga atandiona anaseka. "Iwe, ufika nazo mawa zimenezo? Bwera kuno, tilembe macro."

Macro ndi malangizo afupiafupi amene umalembera pulogalamu kuti igwire yokha ntchito yobwerezabwereza. Mu PowerPoint amalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa VBA, ndipo malo olembera amatseguka ukadina Alt ndi F11. Yathu inkanena zinthu zitatu basi: tenga chithunzi chotsatira mu foda, tsegula slide yatsopano, ika chithunzicho pamalo akutiakuti. Ikatero inkabwerera poyamba mpaka zithunzi zitatha. Lamulo loika chithunzi limatchedwa AddPicture.

Koma kompyuta sidziwa kuti "pakati" ndi pati. Imafuna manambala. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti slide ndi girafu ya x ndi y yomwe ija timajambula m'kalasi ya masamu. Muyeso wake ndi mapointi (osati a MSCE ayi!), ndipo mapointi 72 amapanga inchi imodzi. Slide ya masiku ano ya 16:9 ili ndi mapointi 960 chopingasa ndi 540 chotsika. Left ndi mtunda wa chithunzi kuchokera kumanzere, Top ndi mtunda wake kuchokera pamwamba. Pamenepa chenjerani: ziro ali pakona ya pamwamba kumanzere, choncho Top ikamakula chithunzi chimatsika. Pa girafu ya m'kalasi y akamakula timakwera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi chogona cha 4:3 chikakhala 420 chotsika, chopingasa chimakhala 560. Malo otsala ndi 960 kuchotsa 560, omwe ndi 400. Gawani pawiri kuti mbali zonse zifanane, mupeza 200. Ndiye Left ndi 200. Top tinaika 90 kuti dzina la mtengo lipeze malo.

Titadina F5, ma slide 48 anadzaza ndisanamalize n'komwe kumwa madzi. Ndinalumpha ndi chimwemwe, koma nditayang'anitsitsa mtima unagwa. Tsamba la mango, lomwe ndi lalitali komanso lopyapyala, linali litanenepa ngati la mtengo wina. Vuto linali langa. Zithunzi zina tinazijambula foni itaimirira, koma ndinakakamiza zonse kukhala 560 ndi 420. Pa ntchito yozindikira mitengo, maonekedwe a tsamba ndiwo umboni wonse, ndiye tikanakaonetsa anthu zabodza.

Kukonza kwake kunali kosavuta. Tinayatsa LockAspectRatio, yomwe imaletsa chithunzi kutanuka mbali imodzi, n'kungopereka 420 yokhayo. Chithunzi choimirira chinakhala 315 chopingasa, ndipo macro inawerengera yokha Left wake: 960 kuchotsa 315, kugawa pawiri, 322.5. Ndinagona batire ikadalipo, ndipo m'mawa masamba onse anaoneka mmene Mulungu anawalengera.

Mukafuna kuyesa, kumbukirani zinthu ziwiri. Sungani fayilo yanu ngati .pptm, chifukwa .pptx sisunga macro, ndipo yeserani kaye pa kope ina. Chachiwiri, musalole macro ya m'fayilo yomwe simukudziwa kumene yachokera. M'chaka cha 1999 vairasi yotchedwa Melissa inafalikira padziko lonse kudzera mu macro ya m'fayilo ya Word, ndipo kuyambira 2022 Microsoft imatsekereza ma macro a m'mafayilo ochokera pa intaneti.

Nayi ntchito yanu: chithunzi ndi 300 chopingasa ndi 200 chotsika, ndipo mukufuna chikhale pakona ya pansi kumanja, chitatalikira mapointi 20 kuchokera m'mphepete zonse ziwiri. Left ndi Top zikhala zingati?