Utsi, Nkhawa ndi Tizamoyo ta M'matumbo: Phunziro Lochokera kwa Mbewa

Kwathu kwa Kaomba, m'boma la Kasungu, mbewa ndi ndiwo. Tili ana tinkati tikakolola chimanga timatenga makasu kukakumba mauna, ndipo una ukavuta tinkaufukiza mpaka mbewa zitatuluka zili dzandidzandi. Pa nthawiyo sindinkadziwa kuti kumaiko ena akatswiri a sayansi amaweta mbewa kuti aphunzirirepo za thupi la munthu. M'nkhani ino ndifotokoza zomwe iwo apeza zokhudza mmene nkhawa ndi mpweya woipa zimasokonezera m'matumbo mwa mbewa, komanso chifukwa chake nkhaniyi ikumukhudza mlimi wa fodya.

M'matumbo mwa mbewa, monganso mwa munthu, mumakhala mabakiteriya miyandamiyanda. M'Chichewa timawatcha tizilombo kapena majeremusi, mawu omwe amatipatsa chithunzi cha mdani. Koma ambiri mwa iwo ndi abwenzi, n'chifukwa chake ine ndasankha kuwatcha tizamoyo. Ntchito yake ndi kugaya zomwe thupi palokha silingagaye, monga gaga wa mu mgaiwa ndi makoko a nyemba. Pogayapo timatulutsa timadzi totchedwa butyrate tomwe timadyetsa khungu la m'kati mwa matumbo. Khunguli lili ngati mpanda wa dimba: likalimba, zoipa sizidutsa kukalowa m'magazi.

Poyamba tione za nkhawa. Mu 1974, Tannock ndi Savage anamana mbewa chakudya, madzi ndi pogona pabwino, ndipo anapeza kuti mabakiteriya a mtundu wa Lactobacillus achepa. Mu 2011, Michael Bailey ndi anzake a ku Ohio State University ankalowetsa mbewa yaimuna yandewu m'khola la zinzake kwa maola 2 tsiku lililonse kwa masiku 6. Mbewa zozunzidwazo zinapezeka ndi mabakiteriya a Bacteroides ochepa pomwe a Clostridium anachuluka. Chodabwitsa n'chakuti tizamoyoti natonso timakhudza nkhawa. Mu 2004, Nobuyuki Sudo wa ku Kyushu University ku Japan anaonetsa kuti mbewa zoleredwa popanda mabakiteriya m'thupi zimatulutsa mahomoni a nkhawa ambiri kuposa zinzake zikapanikizidwa pamalo othina. Ubongo ndi matumbo zimalankhulana.

Chachiwiri ndi mpweya woipa. Wina angafunse kuti utsi wolowera m'mphuno ungafike bwanji m'matumbo. Yankho lake ndi lakuti timwaye tambiri tomwe timapuma timakodwa m'makhololo, makhololowo amakwera kukhosi, ife n'kumeza osadziwa. Mu 2013, akatswiri a ku University of Alberta ku Canada anadyetsa mbewa fumbi lotoleredwa mu mpweya wa mumzinda wa Ottawa. Khungu la matumbo linayamba kudutsitsa zinthu mosavuta, mitundu ya mabakiteriya inasintha, ndipo butyrate anachepa. Mu 2018, gulu lina linafalitsa zotsatira za mbewa zomwe zinapuma fumbi la mu mpweya wa ku Chicago kwa masabata 3, ndipo nazonso tizamoyo take tinasintha.

Nditawerenga izi ndinakumbukira malume anga. Iwo ankalima fodya wa kampopo, yemwe amachizidwa ndi moto wa nkhuni m'balani kwa pafupifupi sabata yathunthu, usana ndi usiku. Wosonkhezera moto sagona, ndipo utsi wa pakhomo pa ng'anjo umathera pamaso pake. Nyengo yochiza fodya imayamba nkhokwe zili pululu, ngongole ya feteleza ikudikira, mtima uli m'mwamba poganizira mtengo womwe mabelo akagulidwe ku msika wa Chinkhoma. Chaka chilichonse nyengo imeneyi malume ankadandaula m'mimba, ndipo ena pamudzi ankanong'ona kuti awalodza. Azakhali nawo ankaswera m'khitchini yopanda zenera, akuuzira moto pamafuwa.

Mbewa si munthu, ndipo m'mimba mumapweteka pa zifukwa zambiri, choncho wodwala ayenera kupita kuchipatala. Komabe zomwe akatswiri aja anayesa chimodzichimodzi pa mbewa, mlimi wa kwa Kaomba amazisenza zonse pamodzi: utsi, nkhawa, kusagona ndi chakudya choperewera. Pali zina zomwe tingathe kuchita osadikira ndalama zambiri. Osonkhezera moto azisinthana kuti aliyense apezeko tulo, khitchini ikhale ndi mazenera otulutsa utsi, ndipo mgaiwa, nyemba ndi masamba tisazione ngati chakudya cha amphawi chifukwa ndizo zimadyetsa tizamoyo tija.

Malume anasiya fodya, tsopano amalima soya ndi mtedza. Ndikapita kutchuthi ndikawafotokozera kuti utsi womwe tinkafukizira mbewa kuuna, iwonso ankaumeza pabalani.