Mitsempha ya magazi sitsekeka tsiku limodzi

Makolo anzanga, ndi inu amene mwangolowa kumene m'banja, sabata ino tikambirane za mitsempha yoyendetsa magazi. Mafuta akayamba kumatirira m'kati mwake, njira imachepa pang'onopang'ono koma munthu samva kupweteka. Zaka zimapita, kenaka mumangomva kuti bambo aujeni agwa ndi sitiroko, mbali imodzi yafa, ana akadali ku pulayimale.

M'magazi mwathu muli chinthu china chimene madokotala amachitcha homocysteine. Thupi limachipanga lokha kuchokera ku zakudya zomanga thupi, ndipo kuti chisachuluke pamafunika mavitamini atatu: folic acid, B6 ndi B12. Mavitaminiwa akasowa, homocysteine amakwera. Fodya, mowa wambiri, ukalamba ndi matenda a impso nazonso zimamukweza.

Mu 1969, dokotala wa ku America, Kilmer McCully, adaona kuti ana obadwa ndi matenda ochulukitsa kwambiri homocysteine adali ndi mitsempha yoonongeka ngati ya nkhalamba. Pambuyo pake akafukufuku adapeza kuti akuluakulu amene homocysteine wawo ndi wokwera amadwala mtima ndi sitiroko kuposa anzawo.

Mwina mukuti, "Basitu, tikagule mapiritsi a mavitamini!" Dekhani kaye. Mu 2006 mudatuluka zotsatira za kafukufuku wa HOPE-2, wa anthu oposa 5,000 amene adali kale ndi matenda a mitsempha kapena a shuga. Mapiritsi adatsitsadi homocysteine, koma matenda a mtima sadachepe. Sitiroko yokha ndiyo idachepako. Ku China nakonso, kafukufuku wa mu 2015 wa anthu a BP oposa 20,000 adaonetsa kuti folic acid adachepetsa sitiroko. Koma dziwani kuti anthu onsewo ankamwanso mankhwala a BP tsiku ndi tsiku.

Choncho homocysteine ali ngati utsi wotuluka padenga. Utsiwo ukukuuzani kuti m'nyumba muli moto, koma kuukupiza sikuzimitsa motowo. Moto weniweni ndi BP, shuga, fodya, mchere ndi mafuta ambiri, komanso kungokhala osalimbitsa thupi.

Nanga titani? Yambirani pa ndiwo. Bonongwe, mpiru, nkhwani, therere, nyemba, khobwe, nandolo, mtedza ndi mapeyala zili ndi folic acid wachilengedwe. Masamba musawaphike mpaka kuchita phala, ndipo msuzi wake musataye chifukwa vitaminiyu amatsalira m'madzimo. B12 amapezeka mu usipa, matemba, mazira, mkaka ndi chiwindi. Ngati mwamwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri, funsani adokotala za B12, poti mankhwalawa amatha kumuchepetsa.

Inu abambo, kuyezetsa BP si kwa amayi akusikelo okha. Pitani limodzi ndi akunyumba kwanu, ndipo fodyayo musiyeni. Mukapatsidwa mankhwala a BP, musawaleke poti mwayamba kupeza bwino.

Inu amayi amene mukufuna mwana, nkhani yanu ndi ina: folic acid wa mamaikulogalamu 400 patsiku, kuyambira musanaime mpaka miyezi itatu yoyamba, amateteza mwana ku chilema cha msana ndi ubongo. Ameneyo imwani ndithu.

Ndalama imene mukadagulira botolo la mavitamini odula, kagulireni nyemba ndi usipa, yotsalayo mukwerere minibasi yokayezetsa BP mawa lomwe.